Ng'oma za Chitute wa ku Wuxi

Iwambe ng'omayo, mnyamata iwe, iwambe pamoto mpaka chikopa chikungike, chifukwa amene tikuwatchula lerowa kwawo n'kutali ndipo ng'oma yozizira siolotsa mawu panyanja. Mbuzi mwamanga pamtengoyo imasuleni izipita kudambo, eni gule wa lero sadya nyama. Ana akhale pansi, akuluakulu asendere. Gu! Gugudu gu!

Zikomo a Ding! Zikomo a Ding Fubao, inu a kwa anthu otsogoza mfunda, dzina n'kumabwera pambuyo. Mwana wa ku Wuxi, m'chigawo cha Jiangsu, mzinda wotsamira nyanja ya Tai, kumene Ngalande Yaikulu yokumbidwa ndi manja imadutsa pakati pa nyumba itasenza mabwato a mpunga, kumene mbozi zimadyetsedwa masamba a mabulosi kuti zilavule silika. Wobadwa mu 1874, mafumu a Qing akadali pampando koma mpandowo utayamba kufumbwa. Wobadwira mumzinda umene unali usanapole mabala a nkhondo ya a Taiping. Zhonghu pakati pa anzanu ophunzira, Chouyin pa zikuto za mabuku anu, koma pabwalo pano ndinu Chitute, mbewa yosadyeratu, yotutira kuuna zimene ena aponda osaziona. Chitute wa ku Wuxi, amene una wake umadzapulumutsa mudzi chaka cha njala! Mkunkha wolowa m'munda eni atakolola! Ndiwo amenewo!

Ankati-safika-mawa! Kamnyamata ka nthiti zowerengeka, kotsokomola usiku akuluakulu n'kumangoyang'anizana. Chifuwa chachikulu chinalowa m'nyumba mwanu osaodira, chinanyamula bambo anu, nanunso chinakugwirani. Kachilombo kake anali atakaona kale a Robert Koch ku Berlin mu 1882, inu muli ndi zaka 8, koma mankhwala okapha, streptomycin, anadzapezeka m'ma 1940, kumutu kwanu kuli mbuu. Zaka zonse za pakatipo munthu wa chifuwa analibe jakisoni woti n'kumudalira. Chinalipo n'chiyani? Kugona msanga, kutsegula mazenera, kuothera dzuwa, kudya mosamala, kusalavula paliponse. Inu munazichita pathupi panu, munazilemba, munazisindikiza kuti naye wa patali ndi dokotala awerenge. Thupi lomwe lija anthu ankalimvera chisoni linakufikitsani mu 1952, zaka 78. Ndipo mwana wanu, a Ding Huikang, nawonso dokotala, anadzatsegula chipatala cha Hongqiao mu 1934, chogonekamo odwala nthenda yomweyo. Chinaputa mavu chifuwacho!

Mwana wa ng'ona, wosakulira dziwe limodzi! Ku Jiangyin munakamwa mabuku a makolo, aja ankaloweza anyamata ofuna ntchito ya boma. Kwa a Hua Hengfang, katswiri wa kwanu komweko amene ankamasulira mabuku a masamu a Azungu pamodzi ndi a John Fryer, munatapa masamu. Kwa a Zhao Yuanyi munatapa zachipatala. Mu 1901 munakhalanso pabenchi ku Shanghai, ndevu zitamera kale, kuphunzira Chijapani pasukulu imene anatsegula a Sheng Xuanhuai. Mu 1903 anakuitanani ku Beijing kukaphunzitsa masamu ndi kayendedwe ka thupi la munthu pasukulu ya omasulira ya yunivesite ya mfumu. Wina akanamera mizu pomwepo, kudikira chisoti cha ukulu ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Inu munapinda mphasa n'kubwerera kummwera. Mkanampando! Mu 1905 mayeso aja a ntchito za boma, amene anakhalapo zaka zoposa 1,000, anathetsedwa, ndipo ambiri amene anakalambira pa iwo anatsala manja ali m'khosi. Inu n'kuti muli kale ndi makasu ena paphewa.

Gu! Gugudu! Sinthani kaombedwe, tikulowa m'chipatala.

Sing'anga wa zikwama ziwiri! Chikwama china muli mizu ndi makungwa, ndi luso la zala zitatu zogwira pamkono kumvetsera mtsempha. China muli choyezera kutentha kwa thupi ndi galasi loonera tizilombo. Mu 1908 munakhazikika mu Shanghai, kuona odwala ndi kutsegula Yixue Shuju, nyumba yanu yosindikiza mabuku a zachipatala. Mu 1909 bwanamkubwa Duanfang anaitanitsa mayeso a madokotala ku Nanjing, inu n'kutuluka muli m'gulu lapamwamba, ndipo chaka chomwecho anakutumani ku Japan kukaona mmene kumeneko akuchizira. Munagwiritsa chinthu chimene chinali poyera: Ajapani anali atatapa kale zachipatala kwa Ajeremani, n'kuzilemba ndi zilembo zomwe zija anabwereka ku China kalekale. Mlambulanjira! M'malo modikira kuti mwana wa ku Jiangsu ayambe wathyola lilime ndi Chijeremani, munatenga mabuku a Chijapani makumimakumi, a mafupa ndi minofu, a matenda opatsirana, a uzamba, a matenda a ana, n'kuwatembenuzira m'Chitchaina chimene wophunzira wamba angamve. Mu 1910 munayambitsa bungwe ndi magazini yake, Zhongxi yixue bao, momwe mankhwala a ku China ndi a Azungu ankakhalira mphasa imodzi. A kwanu simunawanyengerere: pamene mabuku akale ankafotokoza za m'mimba mwa munthu molakwika, munanena poyera. Alendo simunawagwadire: munati mizu ya makolo iyesedwe, yogwira ntchito isungidwe. Mu 1929 a Yu Yunxiu anapempha boma ku Nanjing kuti lithetseretu using'anga wakale, asing'anga n'kukhamukira ku Shanghai pa 17 Malichi kudzakana. Mkangano umenewo unakupezani mutaunyamula kale zaka 20 m'zikwama zanu ziwiri, osataya chimodzi.

Tsitsani manja pang'ono, oomba ng'oma, tikudutsa pakachisi.

Sadyanyama! Wopemphera ali pakhomo pake! Simunamete mpala, simunavale mkanjo wa amonke, simunathawire kuphiri. Munatsala m'tauni ndi banja lanu, odwala ali pakhonde, inki ili m'zala. Chibuda chinakupezani muli munthu wamkulu, mutaona matenda ndi maliro okwanira. Chiphunzitso chimenechi chinachokera ku India n'kufika ku China zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Anachimasulira a Kumarajiva, amene anafika ku Chang'an mu 401. Anachimasuliranso a Xuanzang, amene anachita kuchilondola kwawo ku India n'kubwerako mu 645 atasenza mitolo ya malemba. Koma omasulira aja mawu ambiri a Chisansikiriti anangowalemba motsata kamvekedwe, uyu mwa njira yake, uyo mwa njira yake, kotero kuti munthu wophunzira bwino ankatha kuzindikira chilembo chilichonse pamzere koma osatolapo kanthu. Kwa dokotala zimenezo n'chimodzimodzi botolo la mankhwala lopanda dzina. Munayamba n'kulemba ndemanga m'munsi mwa malemba, mzere ndi mzere, monga munachitira ndi buku la a Huineng, kholo lachisanu ndi chimodzi la Chibuda cha Chan. Kenaka munatutumula chimtolo: Foxue da cidian, mtanthauziramawu wamkulu wa Chibuda, wotuluka mu 1922, mitu yoposa 30,000, zilembo zoposa 3 miliyoni. Mmasulamfundo! Wotsegulira khomo amene anabwera mochedwa!

Pano ng'oma isaname. Msana wa buku limenelo ndi wa munthu wa ku Japan, wansembe Oda Tokuno, amene mtanthauziramawu wake unatuluka mu 1917 mwiniwake atagona kale. Zambiri munamasulira kuchokera kwa iwo, zokhudza Japan yekha n'kuzisiya, zina n'kuwonjezera. Choncho nthungululu imodzi ipite kwa a Oda. Amayi, iperekeni! Alipo amene amanena zimenezi ngati akukuzulani nthenga pachisoti. Ine sindikuonapo chozula. Simunali woyambitsa chiphunzitso, ndipo ng'oma ino sikukutamandirani zimenezo. Ikutamanda msana wopirira kuwerama, diso losatopa ndi tizilembo, ndi mtima wosafuna kuti chidziwitso chizikhala cha okhawo amene ali ndi chipinda chodzaza mabuku.

Gu! Gugudu gu! Kwezaninso!

Mng'ambamabuku! Dzina limenelo musalithawe, limveni. Cha m'ma 100 AD a Xu Shen analemba Shuowen jiezi, kufotokoza zilembo 9,353 atazigawa m'magulu 540. Kuchokera pamenepo akatswiri akhala akukokanakokana pa chilembo chilichonse kwa zaka 1,800, makamaka a m'nthawi ya Qing, a Duan Yucai ndi anzawo, aliyense m'buku lakelake. Wofuna kumvetsa chilembo chimodzi ankayenera kutsitsa mabuku m'mashelefu tsiku lonse, ngati anali nawo n'komwe. Inu munawasonkhanitsa mabukuwo, n'kutenga lumo ndi zomatira. Kudula ndime, kumata. Kudula, kumata. Zonse zimene akatswiri ananenapo za chilembo chimodzi zikhale pansi pa chilembo chomwecho, mawu a mwini osasinthidwa ngakhale kadontho, kenaka masambawo kuwajambula ndi makina n'kuwasindikiza momwemo. Mabuku 182 anadutsa pa lumo limenelo. Zaka pafupifupi 30 zinathera pomwepo. Mutu umodzi susenza denga, munali ndi ophunzira anu okuthandizani kudula ndi kusanja, ndipo nawonso tikuwaombera m'manja. Shuowen jiezi gulin inatuluka mu 1928, mabuku 66, ndipo mu 1932 munawonjezera ena 16 ngati kuti oyambawo anachepa. Wokonda mabuku aliyense angagwire pakamwa poona lumo likulowa m'tsamba lakale. Koma amene ankafufuza tsiku lonse tsopano amatsegula malo amodzi, onse okangana aja n'kuwapeza atakhala pamzere.

Za ndakatulo zakale zimene munasonkhanitsa, za mabuku 100 a chipembedzo cha Dao amene munasankha n'kusindikiza, tingodutsa, kungatichere.

Tsopano fupani! Ponyani makobili pabwalo alire ngwee, chifukwa tafika pamene Chitute anakumba mozama.

Mtolamakobili! Wowerenga dzimbiri! Muli mwana, msika wa ku Wuxi unkayendera makobili a mkuwa obooka pakati, chibowo cha ngodya zinayi, otungidwa pachingwe, chingwe chodzaza n'kumawerengedwa 1,000. Muli bambo munawaona akupitikitsidwa ndi makobili osabooka opangidwa pamakina, ndi ndalama za siliva, kenaka mu 1935 boma n'kulamula kuti anthu azigwira zamapepala. Zimene dziko linagulira mpunga zaka zoposa 2,000 zinasanduka zoseweretsa ana ndi zoponya m'ng'anjo. Inu munawerama n'kutola.

Tchula, ng'oma, zimene anatola! Ndalama zooneka ngati khasu, za m'nthawi ya Zhou. Ndalama zooneka ngati mpeni, za ku Qi ndi ku Yan, kamphete kali kumchira. Banliang ya Qin Shi Huang, amene atameza maufumu onse mu 221 BC anafuna kuti dziko limodzi likhale ndi ndalama imodzi. Wuzhu ya mfumu Wu ya Han, yoyamba mu 118 BC, nkhalakale yokakamira pamsika zaka zoposa 700, mpaka mu 621 pamene a Tang anaumba Kaiyuan tongbao, kobili limene maonekedwe ake anadzatengera a ku Japan, a ku Korea ndi a ku Vietnam. Za Wang Mang, wolanda mpando, amene anasinthasintha ndalama mpaka anthu kusokonezeka mitu, naumba kampeni kolembedwa ndi golide n'kulamula kuti kamodzi kafanane ndi makobili 5,000. Za Huizong wa Song, mfumu yodziwa burashi kuposa nkhondo, imene zilembo zake zowonda zokongola zili pa Daguan tongbao, mwiniwake n'kudzagwidwa ukapolo ndi a Jurchen mu 1127. Makobili a Song omwewo amalonda anawaolotsa nyanja ya mchere, ofukula zakale n'kudzawapeza ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Onsewo munawaitana mayina, Kalembera wa mkuwa!

Makobili amenewa sankasulidwa ndi nyundo, ankachita kuumbidwa. M'maufumu a pambuyo pake mmisiri ankadinda kobili lachitsanzo mumchenga wonyowa wa m'chikombole, mizeremizere, n'kusiya kanjira pakati. Mkuwa wosungunuka ukathiridwa unkayenderera m'kanjirako n'kudzaza malo onse odindidwa, ukazizira n'kutuluka nthambi yobala makobili mbali ndi mbali. Ankawathyola, kuwatunga pakandodo ka ngodya zinayi kuti asazungulire, n'kupala m'mphepete mwake onse pamodzi ndi tupa. N'chifukwa chake wachinyengo savutika kwenikweni. Akakhala ndi kobili limodzi lenileni, mchenga ndi moto, angathe kuliberekera abale, kuwakwirira m'dothi kuti achite dzimbiri lobiriwira, n'kupita nawo kumsika nkhope ili gwa. Amene akufuna kugula kobili la Wang Mang ayenera kudziwa mmene lenileni limaonekera, ndipo ambiri analibe poonera.

Mdindamapepala! Senderani muone mmene kobili limalowera m'buku. Pepala lopyapyala, lonyowetsedwa pang'ono, ligonekedwa pamwamba pa kobili. Kaburashi kalikanikiza modekha mpaka lilowe m'mipata yonse ya zilembo. Kenaka kudikira. Likatsala pang'ono kuuma, kampukutu ka thonje kokulungidwa m'kansalu ka silika kagunditsidwa pa inki, kapukutidwa pambali kuti inkiyo ichepe, ndiye n'kumagogoda mopepuka, pha, pha, pha. Zotumphuka zida bii, zolowa zitsala mbee, ndipo kobili laonekera papepala pa msinkhu wake weniweni, ndi kachilema kake komwe. Ukapupuluma pepala likadali lonyowa, inki imalowerera, chilembo n'kufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zidindo zotere zikwizikwi, zanu, za anzanu, za m'mabuku a akatswiri akale, munazisanja monga munasanjira zilembo za a Xu Shen ndi mawu a Chibuda. Dzanja lake ndi lomwe lija.

Nanga munazichita liti? Mu Ogasiti 1937 nkhondo ya Japan inafika pa Shanghai, miyezi itatu ya mabomba, ndipo mu Novembala Wuxi wanu anagwa. Zigawo za Shanghai zolamulidwa ndi Azungu zinatsala zokhazokha pakati pa adani, othawa nkhondo atadzaza m'misewu. Dziko lomwe lija linakupatsani mabuku a zachipatala ndi mtanthauziramawu wa a Oda ndi limene linabwera ndi mfuti. Chaka chotsatira, 1938, Guqian da cidian, mtanthauziramawu wamkulu wa ndalama zakale, unatuluka. Mu 1940 linatsatira Lidai guqian tushuo, makobili osanjidwa ufumu ndi ufumu, lililonse ndi mtengo wake pambali, a Dai Baoting akukugwirani mkono. Chaka chomwecho inu, a Luo Bozhao, a Zheng Jiaxiang ndi anzanu munayambitsa bungwe la ofufuza ndalama zakale, inu pampando, ndipo magazini yanu Quanbi inatuluka maulendo 32 mpaka 1945. Wina afunsa: mudzi ukupsa, akuluakulu ali pa makobili? Funso limenelo n'lolemera, ndipo ng'oma silingalikwirire. Koma nkhondo imadya mkuwa. Kobili likalowa m'ng'anjo limatuluka chipolopolo, ndipo lokumbukika ndi lija linagonapo pansi pa pepala lonyowa. Wosunga pamene ena akusungunula! Gu! Gugudu gu!

Wakutsina khutu ndi mnansi, a Ding, ndipo tikutsinani. Muuna wa Chitute munalowanso mankhusu. Makobili ena a m'mabuku anu anali a anthu a mchenga ndi moto aja, ndipo anakudutsani. A Ma Dingxiang, amene anali wachinyamata m'bungwe lanu lomwelo, anadzatenga buku la 1940 lija n'kulemba m'mphepete mwa masamba, kulekanitsa enieni ndi opeka, kukonza pamene munaphonya. Mitengo munalemba ija nayo inafa msanga, ndalama ya boma itafika poti thumba lodzaza silikugula thumba la mpunga. Zonsezo n'zoona. Koma a Ma anapeza polemba chifukwa tsamba linalipo, ndipo tsambalo munayala ndinu.

Nkhokwe yosakhoma! Chitute wakutchire sagawa, amachita kumukumba ndi khasu. Inu munatsegula nokha muli moyo. Mabuku mitolomitolo anapita ku yunivesite ya Aurora mu Shanghai, ena ku laibulale ya kwanu ku Wuxi, makobili ku nyumba yosungiramo zakale ya mu Shanghai. Munabadwa pansi pa mfumu ya Qing, munaona ufumu ukutha mu 1912, munaona akazembe akulimbirana zigawo, munaona asilikali a Japan akubwera n'kubwerera, munaona mbendera yofiira ikukwera mu 1949, ndipo mu 1952 munagona mu Shanghai. Ankati-safika-mawa, woperekeza maboma! Mkanampando! Sing'anga wa zikwama ziwiri! Sadyanyama, Mmasulamfundo, Mng'ambamabuku, Mtolamakobili! Ndiwo amenewo!

Mu 1990 a George Fisher anatenga Lidai guqian tushuo, kuika nambala pa kobili lililonse ndi kufotokoza m'Chingerezi, n'kulitcha Fisher's Ding. Lero wogulitsa makobili akale a ku China, kaya ali ku London, kaya ku Singapore, kaya pa intaneti, kawirikawiri amalemba FD ndi nambala pambali pa katundu wake. Wogula amatsegula tsamba, kuyerekeza chilembo ndi chilembo, kuona ngati chibowo chili bwino, kenaka n'kuyamba kunenerera. D ameneyo ndinu, a Ding, ndipo mtengo ukavuta amakangana m'dzina lanu.